Mmene Mungapezere Phunziro la Mulungu Kumunda, Pamsika ndi Pakhomo

Ambiri a ife kuno ku Kasungu timamva Mawu a Mulungu tsiku limodzi pa sabata, maola awiri kapena atatu, tikaweruka n'kupinda zovala za kutchalitchi kudikira sabata ya mawa. Masiku otsalawo amatithera kumunda, m'chigafa, pamjigo, kuchigayo, pamsika, ena pachishalo cha kabaza kuyambira m'bandakucha mpaka mdima. N'chifukwa chake pofika Lachitatu, ulaliki umene tinauwombera m'manja sitiukumbukanso ngakhale mutu wake. Komatu Deuteronomo 6:7 sakunena za Lamulungu kapena Sabata lokha. Akuti Mawuwo tiziwakamba tili pakhomo, tikuyenda panjira, pogona ndiponso podzuka.

Pa Miyambo 24:30-34 pali munthu amene ankangodutsa pamunda wa mlesi. Anaona minga paliponse, mpanda wamiyala utagumuka. Sanangopitirira. Anaima, anayang'anitsitsa, anaganizira, natolapo mwambo. Palibe mngelo amene anamuonekera, sanalotenso maloto. Kuima kotereku kumaphunzirika, ndipo kuli ndi ndondomeko yake.

Yambani ndi Buku, munda ubwere pambuyo

Munda suphunzitsa munthu amene m'mutu mwake mulibe Malemba. Iye amangoona chimanga ndi udzu, kapena amaona zimene mtima wake ukufuna kuona, zomwe n'zoopsa kwambiri. Choncho ntchito yoyamba ndi kuwerenga pang'ono tsiku lililonse, mwadongosolo. Sankhani buku limodzi n'kulitsata mpaka kumapeto. Marko ali ndi machaputala 16 okha ndipo nkhani zake zimayenda msanga. Yakobo ali ndi 5, koma amalankhula ngati munthu wodziwa bwino za malipiro, lilime ndi kudikira mvula. Miyambo ili ndi machaputala 31, ndiye mutha kumawerenga chaputala chogwirizana ndi deti la tsikulo. Ndime 10 kapena 15 patsiku n'zokwanira. Wofuna kumaliza machaputala asanu tsiku loyamba amasiya sabata isanathe.

Nthawi yake muipeze pamene moyo wanu ukulola. M'dzinja, pamene timalawirira kumunda nkhuku zisanatsike, kuwerenga m'mawa n'kovuta. Werengani madzulo ndi tochi kapena kanyali ka sola. M'chilimwe mutha kuwerenga madzi osamba ali pamoto. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, chikukuvutani pena ndi pena, yerekezani ndi Buku Loyera la 1998, lomwe mawu ake ali pafupi ndi mmene timalankhulira lero. Ngati maso anafooka kapena sukulu inakudutsani, mdzukulu akuwerengereni, apindula ndi iye yemwe. Wailesi monga Trans World Radio, Radio Maria ndi Radio Alinafe zimathandizanso, ndipo Baibulo la Chichewa lomvetsera limapezeka pa foni.

Chimodzi chokha ndikuletseni: kutsegula Baibulo mwakhungu n'kuloza chala pamene chagwera, amvekere Mulungu wandiyankhula. Kumeneko n'kuombeza ula, kungoti mwagwiritsa ntchito Buku la Mulungu.

Madzulo, tolani chinthu chimodzi

Mukatha kudya, musanagone, bwezani tsiku lonse m'maganizo kuyambira podzuka. Musafune zinthu zodabwitsa. Funani chimodzi chimene chinakukhudzani: chimene chinakupsetsani mtima, chinakuchititsani manyazi, chinakusangalatsani, kapena chimene maso anu anakakamirapo. Mukachipeza, musathamangire tanthauzo. Yambani mwachifotokoza mmene chinalili, ngati mukuuza munthu amene kunalibe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Titenge kaufiti, poti minda yathu yotopa imamudziwa bwino. Wongodutsa amaona timaluwa tofiira m'mizere ya chimanga, basi. Mlimi woyang'anitsitsa amadziwa kuti duwalo likamaoneka, kuononga kunayamba kale. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 osamera, kudikira kuti muzu wa chimanga kapena wa mapira udutse pafupi. Zikamera zimadziphatika pamuzuwo n'kumayamwa chakudya pansi pomwepo kwa masabata angapo. Pamwamba mumangoona chimanga chopinimbira, masamba akufota ngati kuli ng'amba pamene mvula ikugwa bwinobwino. Kupalira kokha sikumuthetsa. Alangizi amatiuza kuti timuzule asanachite maluwa ndi njere, tithire manyowa, ndipo chaka chinacho tidzalepo soya kapena mtedza.

Tsopano funsani: kodi Malemba akuti chiyani pa chinthu chotere? Ngati mwakhala mukuwerenga, Ahebri 12:15 abwera yekha, pamene akuchenjeza za muzu wowawa umene ukaphuka umavutitsa ndi kuipitsa anthu ambiri. Mkangano wa malire a munda umene unabuka pamaliro sabata yatha sunayambire pasiwapo. Unayamba ndi mawu ena amene munawameza zaka zapitazo, mukupatsana moni bwinobwino pakhomo la tchalitchi. Kumwetulirana kumeneko kunali kupalira pamwamba. Kuzula kwake kuli pa Mateyu 18:15: pitani kwa m'bale wanuyo, mukakambirane muli awiri, nkhani isanafike kwa anyakwawa. Mwaona mmene zayendera? Mwayamba ndi maso, mwapita ku Malemba, mwathera pakhomo pa munthu weniweni.

Koma fanizo lili ndi malire ake. Musalikoke mpaka kufunsa kuti nanga soya akuimira chiyani, manyowa akuimira yani. Likakufikitsani pa vesi, lisiyeni, mugwire vesilo.

Yang'anani pamene ndalama ikusintha manja

Apa ndichedwepo, chifukwa maphunziro ambiri a tsiku ndi tsiku safuna fanizo n'komwe. Ali poyera, kungoti ndi owawa, ndiye timakonda kuwalambalala n'kumakasirira mbalame ndi maluwa.

Yambani ndi sikelo. Miyambo 11:1 ikuti muyeso wonyenga Yehova umamunyansa, ndipo Deuteronomo 25:13-15 akuletsa kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Mneneri Amosi, pa chaputala 8, akudzudzula amalonda amene amayembekezera kuti Sabata lithe msanga kuti akachepetse muyeso ndi kukweza mtengo. Tikamva zimenezi timaganiza msanga za mavenda amene amafika m'midzi nthawi yokolola ndi masikelo okayikitsa, kapena wogulitsa chimanga ndi chigoba chophwanyidwa kunsi. N'zoona, ndipo ndi bwino kugulitsa pa sikelo yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Koma nanga ife ogulitsa? Kuwaza madzi mtedza kuti usweke msanga ndi kulemera pasikelo, pamene tikudziwa kuti chinyonthocho chimabweretsa chuku choopsa kwa amene adzaudye, ndi muyeso wonyenga womwewo. Pa fodya ndiye mukudziwa nokha. Munthu wavutika kuyambira panazale mu Seputembala, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha magiredi, ndiye pofika pa jeke yomangira mabelo mtima umanong'ona kuti masamba oipawa tiwabise pakati pa belo, kumsika wa fodya ku Chinkhoma sakaona. Nthawi imeneyo, manja ali pa jeke, ndi pamene phunziro la tsikulo lili. Simufunika kulifuna kutali.

Kenako malipiro. Deuteronomo 24:14-15 akuti waganyu wosauka alandire zake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo. Yakobo 5:4 akuti malipiro amene mwawabisira okolola m'minda yanu akufuula, ndipo kulirako kwafika m'makutu a Ambuye. Taganizirani mayi amene wabandira mizere yanu tsiku lonse mu Januwale, mwana ali kumsana, kunyumba kulibe ufa, inu n'kumuuza kuti, "Mayi, mubwere Lachisanu, lero ndilibe zosintha." Kwa inu Lachisanu ndi pafupi. Kwa iye ndi masiku ogona ndi njala. Chimodzimodzi amene amasunga antchito a fodya nyengo yonse. Ngakhale lamulo la ntchito linaletsa utenanti mu 2021, mabanja okhala paminda ya eni akudikira kuti fodya agulitsidwe akadalipo. Ngati ndinu mwini munda, tsegulani kope limene mumalembamo chimanga, sopo ndi mchere zimene munawapatsa, muone mitengo imene munalembayo ngati mungaiwerenge mokweza pamaso pa mpingo.

Ngongole nayo ili ndi mavesi ake. Miyambo 22:7 ikuti wokongola amakhala kapolo wa womukongozayo, ndipo aliyense amene anagwidwapo ndi katapila safuna womasulira. Eksodo 22:25 akuletsa kudyera wosauka masuku pamutu ndi chiwongoladzanja. Ku banki mkhonde, funso la Mkhristu si lakuti tidzagawana zingati pakutha pa chaka lokha ayi, komanso lakuti mnzathu amene wadwalitsa mwana n'kulephera kubweza pa tsiku lake timuchita naye bwanji.

Pali china chokoma chimene timachiiwala. Levitiko 19:9-10 akuuza mlimi kuti asakolole mpaka m'mphepete mwenimweni, asabwererenso kukatola zotsalira. Azisiyira osauka ndi alendo. Rute anadya ndi apongozi ake chifukwa cha lamulo limeneli. Agogo kapena ana akalowa m'munda wanu wa mtedza kudzakunkha mutakolola kale, musawathamangitse. Mukuona chaputala 2 cha Rute ndi maso anu.

Chala chiloze kwa inu

Phunziro limene mwapeza likakhala loyenera apongozi anu, mkazi mnzanu kapena msungichuma wa mpingo, dziwani kuti simunapeze phunziro, mwapeza mwala woti mugende nawo. Bwererani mukafunenso. Anyani sasekana zikundu, ndipo za kachitsotso ndi mtanda wa m'diso pa Mateyu 7:3-5 tonse timazidziwa pamtima.

Liyeseni musanalikhulupirire

Si ganizo lililonse lobwera mukupalira limene lachokera kwa Mulungu. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17:11, ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankawauza zinali zoona. Ngati anamuyesa Paulo, maganizo anu ndi anga asayesedwe chifukwa chiyani?

Kuyesa kwake n'kotere. Werengani vesilo pamodzi ndi ndime za kumbuyo ndi za kutsogolo kwake, muone amene akulankhula ndi amene akuuzidwa, chifukwa m'buku la Yobu muli mawu ambiri omveka bwino amene pamapeto pake Mulungu anawakana. Kenako funsani ngati phunzirolo likugwirizana ndi khalidwe la Yesu monga mukumuonera m'Mauthenga Abwino. Likakupangitsani kudzikuza, kuda munthu kapena kuchita mantha osatha, likayikireni. Pomaliza kafunseni wina wokhwima: abusa, abambo mfumu, akatekisiti, mkulu wa mpingo, kapena mayi wachikulire wa Chigwirizano amene Baibulo lake linathothoka chikuto ndi kuwerenga. Safunsa anadya phula.

Samalani kwambiri ndi zizindikiro. Kadzidzi akalira padenga, njoka ikadutsa njira, mwalota mano akuguluka, zimenezi si phunziro la chikhulupiriro. Munthu akayamba kuwerenga moyo wake mwa njira imeneyi amathera kwa ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, ndipo mapeto ake n'kuloza chala agogo a pakhomo kuti ndi amene akumulodza. Tawaona okalamba akuthamangitsidwa m'midzi yawo chifukwa cha mawu a munthu wodzitcha mneneri. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino la 1911, ndipo ndi kuchitira mnzako umboni wonama pa lamulo la Mulungu.

Tsoka la mnzanu si kalasi yanu

Pano pakufunika ulemu. Mu 2022 njovu zoposa 250 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kunkhalango ya Kasungu, ndipo anzathu okhala m'malire mwa nkhalangoyi aona minda ikutha usiku umodzi, ena ataya abale. Mphezi imagwa, minibasi zimagubuduzika pa M1, ana amamwalira ndi malungo. Zikatere pamapezeka wina wofulumira kunena kuti Mulungu akuwalanga, kapena kuti pali chimene anachita. Yesu anatseka pakamwa potere. Pa Luka 13:4-5 anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali ochimwa kuposa anzawo. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Amene anafikapo ku Chilanga n'kuona ana a pasukulu ya osaona akuwerenga ndi zala amadziwa kuti funso la ophunzira lija linali lopanda pake.

Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake. Choncho pamaliro phunziro lanu likhale m'manja ndi m'miyendo. Amayi tengani kaufa ndi nkhuni, katungeni madzi. Abambo kathandizeni adzukulu kumanda, gonani pasiwa. Kwa anamfedwa, "Pepani mayi, tili nanu limodzi" n'zokwanira. Aroma 12:15 akuti tilire ndi olira, sakuti tiwalalikire. Ndipo mudzapiteko patatha mwezi, anthu atabalalika, pamene pakhomo pamakhala zii.

Nanga tsoka likakhala lanu? Musadzikakamize kupeza phunziro tsiku lomwelo. Mvula ikadula chimanga chili pa ngaiyaye, feteleza wa ngongole ali m'nthaka, simukuchimwa pofunsa Mulungu kuti mpaka liti. Salimo 13 likuyamba ndi funso lomwelo. Salimo 88 limatha mdima usanachoke, koma lili m'Baibulo, kusonyeza kuti pemphero lodandaula nalonso ndi pemphero. Mtima ukayamba kutsika, werengani Habakuku 3:17-18, mawu a munthu amene akuona minda yopanda chakudya ndi makola opanda ziweto koma akukakamirabe kwa Mulungu wake. Mukatero kachezeni ndi achikulire amene anadutsa m'njala ya 2002, pamene anthu kuno ankadya madeya ndi zitsa za nthochi. Afunseni kuti, "Agogo, munapulumuka bwanji?" Mvetserani bwino. Kawirikawiri m'nkhani zawo mumatuluka munthu wina amene anagawa kambale ka ufa pamene iyenso analibe. Chilimbikitso cha Mulungu chimakonda kudzera mwa anthu, ndiye musadzitsekere m'nyumba, ndipo ngati chisoni chakuletsani kudya ndi kugona kwa masabata, uzani abusa komanso pitani kuchipatala.

Lembani, chitani, kenako gawani

Gulani kope wamba la ana asukulu. Tsiku lililonse lembani deti ndi mizere itatu yokha: chimene ndaona, chimene Malemba akunena, chimene ndichite. Mwachitsanzo: waganyu ndamubweza wopanda kanthu, Deuteronomo 24:15, mawa m'mawa ndimupititsire ndalama yake ndisanapite kumunda. Mzere wachitatuwo ndiye mwini nkhani, ndipo ukhale chinthu chotheka kuchita mawa lisanathe, chokhala ndi dzina la munthu kapena malo. "Ndikhale munthu wachikondi" si chochita. "Ndikawatungire madzi agogo a kuseri kwa tchalitchi" ndiye chochita. Yakobo 1:22 akuti womva chabe osachita akudzinyenga yekha. Amene salemba auze mnzake wapamtima kapena wa m'banja, kuti adzamufunse ngati anachitadi.

Kugawa kuyambe pakhomo. Mukatha nsima, m'malo moti bambo alalikire okha mpaka ana kuodzera, funsani aliyense kuti lero waona chiyani. Ana amaona zambiri: nyerere zikukoka chiwala, mnzawo akumenyedwa kusukulu, wogulitsa mandasi atabweza chenje chopitirira. Athandizeni kupeza vesi lake, nyererezo zili pa Miyambo 6:6-8, kenako pempherani mwachidule. Mphindi 10 zakwana.

Kuchokera apo mutha kupita nalo ku Chigwirizano Lachinayi, kumphakati kapena kulimana, ku Dorika, kapena kugulu la achinyamata. Pogawa, nenani zimene zinakukhudzani inuyo, ndipo musatchule munthu amene munakangana naye, ngakhale mozungulira, chifukwa m'mudzi aliyense adziwa amene mukunena. Umboni wosanduka miseche waononga magulu ambiri a mapemphero. Pa WhatsApp napo, mizere iwiri ya zimene mwaona ndi maso anu imathandiza kuposa mauthenga aja ongotumizirana oopseza kuti ukapanda kutumiza kwa anthu khumi udzaona zakuda.

Padzakhala masiku amene simudzapeza kanthu. Mwatopa, mwangopalira tsiku lonse, mutu uli mbuu. Lembani deti lokha, werengani ndime zanu, kagoneni. Musapeke phunziro pofuna kudzaza tsamba. Mwezi ukatha, khalani pansi ndi kope lija muwerenge mizere yachitatu yokhayokha, n'kuika chizindikiro pa zimene munalonjeza koma simunachite. Zikapezeka zingapo, yambani ndi zokhudza ndalama za anthu ena, kenako za anthu amene simukuyankhulana nawo, zotsalazo muzilembenso patsamba loyamba la mwezi watsopano.